Maikuloni 60: mmene eni mafakitale amaumbira malamulo a zachilengedwe osakhala aphungu

Pa 31 Julayi 2019 bwalo lalikulu la apilo m'Malawi linakana apilo ya makampani opanga mapulasitiki, n'kunena kuti lamulo loletsa majumbo opyapyala ligwire ntchito. Amabungwe oteteza chilengedwe anasangalala, nyuzipepala zinalemba, mawailesi anaulutsa. Ambiri tinkati nkhani yatha chifukwa pamwamba pa bwalo limeneli palibenso lina. Koma kutacha wa chipisi pa chiwaya anakulungabe m'kajumbo kabuluu, mayi wa tomato chimodzimodzi, ufa wa wokimani unali m'kajumbo komweko. Zinapitirira choncho zaka zina zisanu ndi miyezi ingapo. Lamulo lomwe linalembedwa mu 2015 linadzapeza mpata woyenda popanda chiletso cha khoti mu 2025.

Zaka khumi zimenezo sizinatayike mwangozi. Zinagulidwa ndi makampani omwe pamsika amalimbirana makasitomala koma pa nkhaniyi anakhala mbali imodzi. Chigamulo cha tsikulo chinaonetsa poyera kuti lamulo la zachilengedwe silithera pa siginecha ya nduna kapena pakamwa pa woweruza. Limaumbidwa pa tinthu ting'onoting'ono: nambala yomwe yalembedwa, zomwe zakhululukidwa, tsiku loyambira, ndi munthu wogwira choyezera. Pa tinthu timeneti ndi pomwe amalonda amasonkhana.

## Nambala yomwe ikulimbiranidwa

Lamulo lathu silinaletse jumbo aliyense. Linaletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugawa pulasitiki yopyapyala kuchepera maikuloni 60. Milimita imodzi muli maikuloni 1,000. Pepala la A4 la mu ofesi limakhala pafupifupi maikuloni 100, ndiye jumbo wovomerezeka amaposa pang'ono theka la pepalalo.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe munthu angalipirire maloya zaka zonsezi pa nambala imodzi, lowani m'fakitale. Jumbo amayamba ngati tinjere ta pulasitiki tofanana ndi mpunga, tobwera m'matumba a makilogalamu 25 kuchokera kunja, togulidwa ndi ndalama zakunja. Tinjereto amatithira m'makina, chitsulo chozungulira ngati sikuluwu chimatikankha m'paipi yotentha mpaka tisungunuke, phalalo n'kutulukira pa kamwa yozungulira ngati mphete. Pakati amapopera mpweya, ndipo pulasitikiyo imafufuma ngati chibaluni chachitali chokwera m'mwamba. Pamwamba pali zogudubuza zomwe zimachiphwatalitsa n'kuchikoka, kenaka makina ena amadula ndi kumata pansi.

Kukhuthala kwa jumbo kumadalira kuchuluka kwa phala lomwe likutuluka, kukula kwa chibalunicho, ndi liwiro la zogudubuza zokoka. Mukawonjezera liwiro, pulasitiki imapyapyala. Mukachepetsa, imakhuthala. M'mafakitale ambiri makina omwewo atha kupanga wa maikuloni 15 m'mawa ndi wa 60 masana. Choncho mukamva zoti lamuloli likufuna kuti fakitale igule makina atsopano, funsitsani. Vuto lenileni lili pa masamu a tinjere.

Tiyerekeze jumbo wa masentimita 30 m'lifupi ndi 50 m'litali. Mbali ziwiri zija zikupanga masikweya sentimita 3,000. Pa maikuloni 15 jumbo ameneyu amalemera pafupifupi magalamu 4.3, ndiye kilogalamu imodzi ya tinjere ikutulutsa majumbo pafupifupi 230, thumba lonse la makilogalamu 25 likutulutsa oposa 5,800. Jumbo yemweyo pa maikuloni 60 akulemera magalamu 17. Kilogalamu ikutulutsa 58 okha, thumba silikufika ndi 1,500 komwe. Mtengo wa jumbo mmodzi wakwera kanayi. Wa tomato sangaperekenso ulere. Wogula akalipira kamodzi amasunga jumboyo n'kubwera naye mawa, ndipo fakitale yomwe inkagulitsa jumbo watsopano pa mulu uliwonse wa tomato yataya msika wa tsiku ndi tsiku. Cholinga cha lamulo n'chomwecho, ndipo mantha a eni mafakitale ndi omwewo.

Apa tinene chilungamo, mfundo zawo zina sizabodza. Jumbo wokhuthala akatayidwa atagwira ntchito kamodzi, mwataya pulasitiki yochuluka kanayi, yogulidwa ndi madola omwe dziko likusowa. Walira mvula walira matope. Lamulo la kukhuthala limapindula pokhapokha jumboyo akubwerera kumsika kasanu, kakhumi.

## Chiletso chikatha, china chafika

Lipoti lomwe linatuluka mu 2019 mothandizidwa ndi UNDP ndi Lilongwe Wildlife Trust linati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 pa 100 ndi yogwiritsa ntchito kamodzi. Eni mafakitale nawo anali ndi nambala yawo: ntchito 5,000 zitha. Nambala imeneyi inamveka paliponse pomwe nkhaniyi inkakambidwa. Ubwino wa bungwe la amalonda ndi umenewo. Kampani imodzi ikadandaula, anthu amati ndi dyera. Makampani 14 akalankhula mawu amodzi kudzera mu Plastics Manufacturers Association of Malawi, zimamveka ngati nkhani ya chuma cha dziko. Ndalama za maloya amagawana, ndipo palibe dzina la kampani imodzi lomwe limada lokha.

Njira yake imayenda motere. Gulu limapita ku High Court kukapempha kuti bwalo liunikenso ganizo la boma, ponena kuti silinafunsidwe mokwanira kapena kuti ufulu wake wochita malonda waphwanyidwa. Limodzi ndi pempholo limapemphanso chiletso, kuti boma lisachite kanthu mpaka mlandu utamvedwa. Chiletso chotere chimatha kuperekedwa mwachangu, nthawi zina mbali ya boma isanamvedwe. Kuchichotsa ndiye kumatenga miyezi kapena zaka. Gulu likagonja limachita apilo n'kupemphanso kuti chigamulo chiimitsidwe kaye. Likagonja komaliza, pamatulukira kampani yomwe sinali m'gulu loyambalo, kapena nkhani yomweyo itavala malaya ena, n'kuyambiranso pansi.

Ndi mmene zinayendera. Chiletso choyamba chinabwera mu 2016. High Court inagamula mokomera boma mu 2018. Apilo inagwa mu 2019. Boma litayamba kutseka mafakitale ena, kampani ina inatsegula mlandu wake, ndipo mu 2021 chiletso chinalinso m'malo. Mlandu umenewo utatha mu Juni 2024, bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA linalengeza kuti liyamba kugwira ophwanya lamulo, koma makampani 11 anali atapita kale kukhoti n'kutenga chiletso china. Pofika kumapeto kwa Januwale 2025 ndi pomwe High Court ku Lilongwe inachotsa chiletso chimenecho, MEPA n'kuyamba ntchito mu Febuluwale.

Onani kuti pa milandu yonseyi, pa mutu weniweni wa nkhani makampani sanapambane. Sankafunikiranso kupambana. Mwezi uliwonse chiletso chili m'malo ndi mwezi wa makina kuzungulira pa maikuloni otsika. Tinazionanso pa mowa wa m'masacheti, pomwe boma linaletsa, ziletso za khoti zinatengedwa, mapeto ake mowa womwewo unasamukira m'timabotolo.

Mbali inayo nayo inaphunzira kugwirana manja. Gloria Majiga-Kamoto, yemwe ankagwira ntchito ku bungwe lomenyera chilengedwe la CEPA, anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi alimi, n'kuika patsogolo nkhani yomwe munthu wa kumudzi amaimva msanga, ya mbuzi zofa ndi majumbo m'mimba. Mu 2021 analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyi. Popanda phokoso lawo tsiku lomvera apilo ya 2019 ija likanatha kukankhidwabe.

## Ku South Africa anathera pa tebulo

Kukhoti si njira yokhayo, ndipo si yanzeru koposa. Boma la South Africa, nthawi ya nduna Valli Moosa, linkafuna maikuloni 80. Makampani sanapite okha. Anagwirana ndi mabungwe a ogwira ntchito, omwe ankaopa kuchotsedwa, ndipo mu Sepitembala 2002 mbali zitatuzi zinasainirana mgwirizano. Nambala inatsika kufika pa 30, ndi chilolezo choti ikhoza kuperewera ndi magawo 20 pa 100, kutanthauza kuti jumbo wa maikuloni 24 anakhala wovomerezeka. Lamulo linayamba mu Meyi 2003. Kuchoka pa 80 kufika pa 24, popanda kudikira chigamulo cha woweruza.

Mumgwirizanomo munalinso msonkho pa jumbo aliyense, womwe unayamba pa masenti 3 mu 2004 n'kufika masenti 25 mu 2020, komanso kampani yosafuna phindu yotchedwa Buyisa-e-Bag yoti izilimbikitsa kutolera ndi kukonzanso. Ndalama za msonkhowo zinkalowa m'thumba lalikulu la boma, gawo lochepa lokha n'kumafika ku ntchito yomwe zinatoleredwera, ndipo Buyisa-e-Bag inatsekedwa mu 2011. Poyamba anthu anachepetsadi kugula majumbo m'masitolo, koma atazolowera mtengowo anayambiranso. Aliyense amene anakhalako ku Johannesburg akudziwa kuti pa kauntala amangokufunsa ngati ukufuna pulasitiki, iwe n'kuvomera osaganiza.

Pa tebulo lotere mawu omwe amalimbiranidwa ndi ochepa koma olemera. Kodi maikuloni akuyezedwa pa khoma limodzi la jumbo? Chilolezo cha kuperewera n'chochuluka bwanji? Ndi ziti zomwe zikhululukidwe? Lamulo lathu nalo linasiyako zina, monga zokutira buledi, ndipo paliponse pomwe pali chokhululukidwa pali khomo, chifukwa mpukutu wa pulasitiki sulembedwa pamphumi kuti ukupita kophikira buledi. Miyezo ya katundu imakonzedwa m'makomiti a akatswiri, kwathu kuno pansi pa Malawi Bureau of Standards, ndipo m'makomiti otere eni mafakitale amakhalamo movomerezeka. N'koyenera kuti akhalemo, poti makina amawadziwa ndi iwo. Chovuta n'chakuti iwo amatumiza injiniya wolipidwa kuti asaphonye msonkhano, pomwe khonsolo yomwe imatsegula ngalande zotsekeka ndi majumbo dzinja lililonse kawirikawiri mawu ake samveka.

## Woyeza akafika pa fakitale

Choyezera chake ndi kachipangizo kokwana m'manja, kokhala ndi milomo iwiri yosalala yomwe imapana pepala n'kuonetsa nambala. Pali njira zingapo zomwe muyeso umasokonekera.

Choyamba, jumbo akayezedwa ali chopindika, makoma awiri a maikuloni 30 amawerengedwa 60. Ayenera kudulidwa n'kutambasulidwa. Chachiwiri, chibaluni chija sichikhuthala mofanana kuzungulira konse, makamaka ngati mphete ya makina yatha kapena mpweya woziziritsa ukuwomba mbali imodzi. Kuyeza malo amodzi sikokwanira. Woyeza wabwino amadula kachingwe kopingasa, n'kuyeza malo khumi kapena kuposerapo, n'kulemba nambala yotsikitsitsa pamodzi ndi yapakati. Chachitatu, pulasitiki yodindidwa timizere kapena timadontho imaoneka yokhuthala pa choyezera kuposa mmene ilili. Njira yotsimikizira ndi sikelo: werengani majumbo 100, ayezeni kulemera, yerekezani ndi masamu aja. Koma nayo sikelo imanamizika ngati m'phala anathiramo ufa wa laimu wambiri, womwe ndi wotchipa ndiponso wolemera kuposa pulasitiki. Jumbo wotere amaoneka wotuwa ndipo sachedwa kung'ambika. Ndiye choyezera ndi sikelo ziyendere limodzi.

Chachinayi ndi nthawi. Liwiro la zogudubuza limasinthidwa m'mphindi zochepa. Ngati fakitale yadziwa kuti alendo akubwera Lachiwiri, Lachiwirilo zonse zikhala bwino. Umboni wodalirika uli m'mabuku: matani a tinjere omwe analowa pa chipata cha dziko, kuyerekeza ndi chiwerengero cha majumbo omwe anagulitsidwa. Fakitale yomwe yagulitsa majumbo 200 a masentimita 30 ndi 50 aja pa kilogalamu iliyonse sikupanga a maikuloni 60, kaya choyezera chinena zotani. Kuti zimenezi zitheke, MEPA ndi bungwe lotolera misonkho la MRA ziyenera kuonetsana mapepala.

Ndiye pali malire. Ku Zambia lamulo la 2018 linaletsa ochepera maikuloni 30. Ku Mozambique nakonso malire ndi 30. Tanzania inaletsa majumbo onyamulira katundu onse kuyambira pa 1 Juni 2019, osayang'ana kukhuthala. Jumbo wa maikuloni 35 ndi wovomerezeka ku Chipata koma ndi mlandu ku Mchinji, ndipo ndi katundu wopepuka yemwe wa kabaza amanyamula masauzande. Apa wopanga wa m'dziko muno yemwe watsatira lamulo ndiye amapsa, ndipo apa ndi pomwe mgwirizano wa makampani ukanagwira ntchito yabwino. Iwo amadziwa mpukutu uliwonse womwe uli mu Limbe kuti wachokera kuti. Bungwe lawo likanatha kukakamiza kuti jumbo aliyense azidindidwa dzina la fakitale ndi nambala ya maikuloni, wopanda chidindo azilandidwa.

## Akagwirizana zotolera

Mtundu wina wa mgwirizano umayamba pomwe makampani aona kuti lamulo likubwera ndithu, n'kuganiza zoliyambirira. Mu 2004 opanga ndi ogwiritsa ntchito mabotolo a pulasitiki ku South Africa anakhazikitsa PETCO. Aliyense ankapereka ndalama pa tani iliyonse ya tinjere yomwe wagula, mwa kufuna kwake. Ndalamazo zimapita kwa mafakitale ogaya mabotolo akale, malinga ndi matani omwe agula kwa otolera.

Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa pulasitiki yatsopano umatsata mtengo wa mafuta. Mafuta akatsika, yatsopano imatchipa kuposa yokonzedwanso, wogaya amatsitsa mtengo wogulira, wotola m'misewu n'kusiya. Ndalama ya mgwirizano imagwira mtengowo kuti usagwe. Ife mfundo imeneyi si yachilendo. Botolo lagalasi la Fanta simulipeza m'ngalande chifukwa lili ndi dipoziti. Chinthu chikakhala ndi mtengo chimapeza wochitola.

Pomwe boma la South Africa linkakhazikitsa malamulo okakamiza wopanga kusamala zinyalala za katundu wake, omwe anayamba mu Meyi 2021, linapeza dongosolo lili kale, ndipo mabungwe onga PETCO ndi omwe anakhala oyendetsa. Amene wayamba kumanga ndiye amasankha pomwe khomo likhale. Ku Kenya zinayenda mofanana. Kenya Association of Manufacturers inalimbana ndi lamulo loletsa majumbo la pa 28 Ogasiti 2017, lomwe chilango chake chimafika mashilingi 4 miliyoni kapena zaka zinayi m'ndende, ndipo inagonja. Poona kuti mabotolo ndi omwe angatsatire, mu 2019 inatulutsa yokha ndondomeko ya kasamalidwe ka mapulasitiki.

Madongosolo otere ali ndi mabala ake. Akakhala a mwa kufuna, ena salipira koma amapindula nawo, ndipo olipirawo ndi omwe amadzapempha boma kuti likakamize onse. Amakondanso zinyalala za mtengo. Botolo loyera limagulidwa bwino chifukwa limatha kukhalanso botolo, n'chifukwa chake Sprite anachotsedwa m'botolo lobiriwira m'mayiko ambiri. Koma kajumbo ka magalamu anayi kopaka mafuta a chipisi palibe amene angakatole. Kuti mukwanitse kilogalamu imodzi muyenera kuwerama kopitirira 200, n'kukachapanso. Timapaketi ta sopo wa ufa ndi zokometsera ndiwo, tomwe timamatidwa pulasitiki ndi chitsulo pamodzi, ndiye palibe makina wamba otilekanitsa. Choncho munthu akamati tisaletse, tingokonzanso, mufunseni kuti akunena pulasitiki iti. Pa botolo ali ndi mfundo. Pa jumbo wopyapyala alibe.

Funso lina ndi la mwini nambala. Bungwe lomwe likutolera ndalama ndi lomwenso limalengeza kuti latolera magawo angati pa 100. Nambalayo imakwera kapena kutsika malinga ndi pomwe mwawerengera: pa geti la wogaya, pomwe matumba ali ndi dothi, madzi ndi zitsekerero, kapena potuluka, pomwe patsala pulasitiki yokhayokha. Imadaliranso kuti mabotolo obwera kuchokera kunja ali ndi zakumwa kale awerengedwa kapena ayi. Popanda wowerengera wapadera komanso boma loona mabuku, nambala imakhala yomwe mwini wake wafuna.

## Amalonda sali gulu limodzi

Mu Malichi 2022 mayiko anagwirizana ku Nairobi zolemba pangano la dziko lonse lothana ndi zinyalala za pulasitiki. Makampani anagawikana pawiri. Ogulitsa zakumwa, zakudya ndi sopo, monga Unilever, Nestlé ndi Coca-Cola, analowa mu Business Coalition for a Global Plastics Treaty, yomwe inasonkhanitsidwa ndi Ellen MacArthur Foundation ndi WWF, n'kumapempha malamulo ofanana m'mayiko onse. Si kukoma mtima kokha. Dzina lawo ndi lomwe limaoneka pa botolo loyandama mumtsinje, ndipo kutsatira malamulo osiyana m'dziko lililonse n'kodula. Opanga tinjere, omwe ndi makampani a mafuta ndi mankhwala, amalimbikitsa zotolera zinyalala koma safuna kumva zochepetsa kupanga. Zokambirana zinatha popanda pangano ku Busan mu Disembala 2024, n'kulepherekanso ku Geneva mu Ogasiti 2025, ndipo mfundo ya kuchepetsa kupangayo inali pakati pa mkangano.

Kugawikana kotereku kuliponso kwathu, kungoti mbali imodzi yokha ndiyo inali ndi bungwe ndi maloya. Osoka zikwama za nsalu, oluka madengu, opanga mapepala okulungira, ogula mabotolo akale, ngakhale fakitale ya pulasitiki yomwe inasintha msanga n'kumaluza makasitomala kwa mnzake wopanga zopyapyala, onsewa chiletso chilichonse cha khoti chinkawadyera. Wosoka zikwama sangagule makina achiwiri asakudziwa ngati mwezi wamawa jumbo waulere abwereranso. Pa zaka khumi zija mayina omwe ankamveka poteteza lamuloli anali a boma ndi a mabungwe a zachilengedwe, pomwe amalonda opindula nalo anali phee, aliyense pa shopu yake.